Tsitsi la m'zikope likamathothoka, musathamangire kumata lina



Sabata yathayi mu inbox mwalowa mauthenga angapo onena chinthu chimodzi: tsitsi la m'zikope likuthothoka, zikope zikuyabwa, m'mawa maso akumadzuka atamatana ndi manthongo. Kuti timvane, ndikunena tsitsi limene limamera m'mphepete mwa chikope, lija ambiri masiku ano mumangoti ma lashes, osati nsidze za pamwamba zimene mumameta n'kujambula ndi pensulo. Pafupifupi aliyense amene walemba wamaliza ndi funso lofanana, loti agule mafuta anji kapena mankhwala anji odontheza kuti tsitsilo limere msanga. Mmodzi wanena poyera kuti panopa akungomata ma lashes ogula kuti abise mipata, chifukwa kuntchito anthu ayamba kumufunsa.

Ine funso la "ndigule chiyani" ndimalikana. Chimanga chikamafota m'munda, mlimi sapita kukagula masamba obiriwira n'kumangirira pa mapesi. Amayang'ana nthaka ndi mizu. Tsitsili nalo limamera m'chikope, ndipo likamagwa nthawi zambiri chikopecho n'chimene chikudwala. Mukamatapo lina pamwamba mwabisa chizindikiro, ndipo mwawonjezera guluu pa khungu lotupa kale.

Tiyambe ndi kuchotsa mantha osafunika. Chikope cha pamwamba chimakhala ndi timatsitsi pakati pa 90 ndi 160, cha pansi chimakhala ndi tochepa kuposa pamenepo. Katsitsi kalikonse kamakhala miyezi yochepa, kenako kamagwa, kena n'kumera. Ndiye mukapeza kamodzi kapena tiwiri pa pilo kapena pa kansalu kopukutira kumaso, palibe nkhani. Nkhani imayamba pamene pakuoneka mipata, m'mphepete mwa chikope mwafiira ndi kunenepa, m'tsinde mwa tsitsi muli timamba ngati mfundu, ndipo m'maso mukumveka ngati mwalowa mchenga.

Zimenezo n'zimene kuchipatala timati blepharitis, kutanthauza kutupa kwa m'mphepete mwa chikope. Mwa anthu amene ndimawaona ndi vuto lothothoka tsitsili, ambiri vuto lawo limakhala limeneli. Imani pagalasi pamalo owala, mukokere pansi pang'ono chikope cha m'munsi. Kuseri kwa mzere wa tsitsi muona timabowo tating'ono tandanda. Timeneto timatulutsa mafuta amene amayandama pamwamba pa misozi kuti misoziyo isaume msanga. Mafutawo akalimba n'kutseka timabowoto, diso limauma, limayamba kuwawa ngati mwathira tsabola, ndipo chodabwitsa n'choti limatulutsa misozi yambiri pofuna kudziteteza. N'chifukwa chake ndikauza munthu kuti maso ake ndi ouma amandiyang'ana mokayika, popeza tsiku lonse akupukuta misozi. Chakutsogolo, pamene pamera tsitsi, tizilombo ta mtundu wa staphylococcus timene timakhala pakhungu la aliyense timatha kuchulukana n'kuyambitsa tizilonda ndi nkhanambo. Palinso tinthata tosaoneka ndi maso totchedwa Demodex, timene timakhala m'tsinde mwa tsitsi ndipo timachuluka munthu akamakula. Amene muli ndi mfundu yambiri m'mutu, m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno, khungu lomwelo n'limene lafika pa chikope. Ndipo mfundu yotereyi ikabwera mwamphamvu mwadzidzidzi n'kufalikira kumaso, ndimalangiza kuyezetsa HIV, chifukwa imakonda kuonekera chitetezo cha m'thupi chikatsika. Utsi wa nkhuni ndi makala, komanso fumbi la miyezi yotentha, sizimayambitsa matendawa koma zimawakuza.

Sokera wobwerabwera nayenso amachokera kumeneku. Si chilango choti munamana munthu chakudya ayi. Ndi kabowo kamodzi kamene katsekeka n'kuchita mafinya. Musamufinye. Akamabwera mwezi ndi mwezi, kayezetseni shuga.

Tsopano mankhwala ake, ndipo apa m'pamene ambiri amakhumudwa nane. Ndi kuthowa. Wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda moti mutha kuwapirira pa mkono. Sambani m'manja ndi sopo. Viikani kansalu koyera, finyani, tsinzinani, n'kukaika pa zikope kwa mphindi 5 mpaka 10, ndipo kakazizira muzikaviikanso. Kufundako kumasungunula mafuta olimba aja. Mukatero, sisitani chikope pang'onopang'ono ndi chala kulowera kumene kuli tsitsi, cha pamwamba kutsitsira pansi, cha pansi kukwezera m'mwamba. Pomaliza pukutani m'tsinde mwa tsitsimo ndi thonje kapena kansalu kena konyowa kuti timamba tichoke. Kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Kansaluko kakhale kanu nokha, ndipo kazichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa.

Ndikudziwa mmene zimamvekera. Munthu walipira kabaza, wakhala pamzere kuyambira mbandakucha, kenako nesi amuuze kuti kazipitani mukathowe ndi madzi ofunda. Amatuluka akuganiza kuti sanathandizidwe, n'kukhotera ku famase. Koma ndikuuzeni zoona, palibe botolo limene limaposa kuthowa pa vuto limeneli. Chovuta chake n'choti kumafuna kupirira. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita masabata awiri, atatu, nthawi zina kupitirira mwezi. Ndipo blepharitis si malungo oti mukamaliza LA mwathana nawo. Imazilala, n'kudzabweranso mukasiya kusamala, choncho zikope zikakhala bwino mumangochepetsa kuthowako, osasiyiratu. Pamene pali tizilonda ndi mafinya, dokotala amawonjezera mafuta opha tizilombo opaka m'mphepete mwa chikope, monga tetracycline kapena chloramphenicol. Ikavuta kwambiri amatha kupereka mapilitsi a doxycycline kwa masabata angapo, koma amenewa saloledwa kwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono, ndiye osapempha otsala a mnzanu.

Pamenepa nafenso azaumoyo tili ndi mlandu, ndipo sindibisa. Mzere ukatalika, munthu akangoti maso akuyabwa, dzanja limathamangira kulemba tetracycline tisanamuuze n'komwe kuti tsinzinani tione chikope. Ineyo ndinazichitapo. Wodwala amapaka masiku asanu, amapezako bwino, zimayambiranso, amabweranso, timamupatsanso kachubu komweko. Akafika ulendo wachitatu wataya chikhulupiriro, ndipo amakafunsa kwa anzake a kusaluni. Kumufotokozera za kuthowa kumangotenga mphindi ziwiri. Inu odwala muli ndi ufulu wofunsa kuti, kodi vuto lili m'diso kapena pa chikope?

Tibwere ku ma lashes omata. Ine sindidana nawo. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa bridal shower, munthu amafuna kuoneka bwino, ndipo atsikana ambiri akudya ndi kulipira lendi chifukwa cha ntchito imeneyi. Chimene ndikutsutsa ndi kuwamata pa chikope chodwala, komanso kuwasandutsa chovala cha tsiku ndi tsiku chaka chonse osapumitsa. Guluu wa ma lashes aja omata kamodzikamodzi amapangidwa ndi cyanoacrylate, gulu lomwelo la super glue, kungoti wakonzedwa kuti agwiritsidwe ntchito pafupi ndi diso. Ena thupi lawo limadana naye, ndipo kudanako kumatha kuyamba pa ulendo wachisanu ngakhale maulendo anayi oyamba munalibe vuto. Zikope zimatupa, zimayabwa, zimasupuka. Ndaonapo amene anamatidwa ndi guluu wakuda uja womatira mawivi m'mutu, ndipo ndaonaponso amene anamatidwa ndi super glue weniweni wa pa okala chifukwa ndi wotchipa komanso sachoka msanga. Zimenezi ndi kusewera ndi diso la munthu.

Kulemera nakonso ndi vuto. Katsitsi kanu kachilengedwe n'kopyapyala, ndiye kakasenza mtolo wautali kwa masabata ambiri muzu wake umatopa. Kukoka kumeneku kukapitirira kwa zaka, muzu umafa n'kusiya chipsera, ndipo pachipsera tsitsi silimeranso. Amayi amene tsitsi la patsogolo pa mutu linatha chifukwa cha kuluka kothina mukudziwa chimene ndikunena. Kenako pali kuopa madzi. Munthu walipira ndalama zambiri, safuna kuti ma lashes agwe msanga, ndiye kwa masabata atatu sasambitsa zikope. Thukuta, fumbi, mafuta ndi zodzola zimaunjikana m'tsinde mwa tsitsi, tizilombo n'kupeza chakudya. Akayamba kuyabwa amawazula ndi zala usiku, tsitsi lake lenileni n'kuzukira limodzi. M'mawa akuona mipata, akubwerera kusaluni kukamata ena kuti abise. Umu ndi mmene ambiri amene mwandilembera mwafikira pamene muli.

Ngati ndi inu, achemwali, chotsani ma lashes amenewo, ndipo achotsedwe ndi mankhwala ake osungunulira guluu, osati kuzula. Khalani osamata, osapaka mascara kapena pensulo m'mphepete mwa chikope, mpaka kufiira ndi kuyabwa kutatha. Muzu ukakhala wamoyo, tsitsi limayamba kuonekanso pakapita masabata 6 mpaka 8, ndipo kuti lidzaze zimatenga miyezi ingapo. Mascara amene munkagwiritsa ntchito mukudwala mutaye, ndipo ngakhale muli bwino mascara asapitirire miyezi itatu chitsegulireni. Osabwerekana. Inu a kusaluni, kasitomala akabwera ndi zikope zofiira kapena zamanthongo, m'bwezeni mwaulemu. Mutaya ndalama ya tsiku limenelo, koma zopanira zanu zikakhudza diso lodwala n'kukhudza la wina musanazitsuke, mudzataya makasitomala ambiri kuposa mmodziyo.

Za mafuta omeretsa tsitsi: mafuta a nsatsi amachititsa tsitsi kuoneka lonyezimira, koma palibe umboni wodalirika woti amameretsa, ndipo pa chikope chotupa amangowonjezera kutseka timabowo tija. Ma serum ena ogulitsidwa pa intaneti amameretsadi chifukwa ali ndi mankhwala a gulu la bimatoprost, amene anapangidwira matenda a glaucoma. Amenewa amatha kufiiritsa maso ndi kudetsa khungu la chikope, ndipo mukasiya tsitsi limabwerera mwakale. Pa chikope chodwala alibe malo.

Chimene chimandiopsa kuposa guluu ndi timabotolo todontheza m'maso tokhala ndi steroid, monga dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone. Werengani pa botolo limene muli nalo m'chikwama. Mankhwala amenewa amachotsa kufiira ndi kuyabwa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu amawakonda ndi kuuzana. Koma akagwiritsidwa ntchito kwa masabata ambiri popanda woyeza, amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso n'kuwononga mtsempha woonera mwakachetechete, ndipo kuona kotayika mwa njira imeneyi sikubwerera. Amabweretsanso ng'ala. Ngati pa kagalasi ka kutsogolo kwa diso pali kachilonda, steroid amakakuza msanga. Ayenera kuperekedwa ndi munthu amene wayang'ana diso lanu ndi makina, ndipo wogulitsa amene amangowapereka kwa aliyense wonena kuti maso akuyabwa akulakwitsa. Mafuta oyeretsa khungu ambiri alinso ndi steroid wamphamvu ngati clobetasol. Khungu la chikope ndi lopyapyala kwambiri, ndiye amene mumadzola mafuta amenewa mpaka m'maso musadabwe zikope zikamasupuka.

Ndipo chonde, m'diso musathire mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mandimu kapena madzi a masamba. Nthawi ya pink eye ija ya 2024, imene inayambira ku Karonga, tinaona anthu akuthira zinthu zosiyanasiyana m'maso. Matendawo pawokha amatha okha m'masiku ochepa. Koma mkodzo wa munthu amene ali ndi chinzonono ukalowa m'diso, ukhoza kuboola diso m'masiku owerengeka.

Tsopano pali gulu lina limene limandichititsa kukana kwambiri zoti tizingobisa mipata. Awa ndi anthu amene tsitsi likugwa koma chikope chili choyera, chosafiira, chosayabwa. Pamenepo vuto limakhala kwina m'thupi. Chithokomiro chikamagwira ntchito pang'onopang'ono, munthu amatopa, amamva kuzizira ena akumva kutentha, amanenepa, khungu limauma, ndipo tsitsi la m'mutu, nsidze ndi la m'zikope limapyapyala. Chikamathamanga kwambiri amawonda, mtima umagunda mofulumira, tsitsi limagwanso. Zonsezi zimadziwika poyeza magazi. Kuchepa kwa magazi, kubereka kumene, kudwala kwambiri miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndi mankhwala ena a khansa, zonsezi zimagwetsa tsitsi ndipo nthawi zambiri limameranso. Alopecia areata ndi pamene chitetezo cha thupi chikulimbana ndi mizu ya tsitsi, n'kusiya malo ozungulira osalala m'mutu, m'ndevu kapena m'zikope. Si ufiti, ndipo sipatsirana. Chindoko chikafika gawo lachiwiri chimathothola tsitsi mwa apa ndi apo, kawirikawiri limodzi ndi zidzolo za m'zikhatho ndi kumapazi zosayabwa, ndipo chimachizika ndi jakisoni wa penicillin. Palinso ana ndi achinyamata amene amadzizula okha tsitsi akakhala ndi nkhawa, nthawi zina osazindikira n'komwe. Mukaona timatsitsi tothyoka, tosiyana kutalika, makamaka pa chikope cha pamwamba, musamukalipire mwanayo. Khalani naye pansi mumve chimene chikumuvutitsa.

Ndiime pang'ono pa khate, chifukwa ambiri amaganiza kuti linatha kalekale. Likadalipo m'Malawi muno, ndipo anthu atsopano akupezeka nalo chaka ndi chaka. Limodzi mwa zizindikiro zake ndi kutha kwa nsidze kuyambira chakumapeto kwake, limodzi ndi tsitsi la m'zikope, popanda kuwawa kapena kuyabwa. Munthu amakhalanso ndi zigamba zotuwa kapena zofiirira pakhungu zimene sizimva kukhudza, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, mpaka kupsa ndi mphika osamva. Wotere akamajambula nsidze ndi pensulo kwa zaka ziwiri, mitsempha ikuwonongeka, ndipo khate limatha kufoola chikope mpaka diso kulephera kutsinzina. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akangoyamba kumwa amasiya kupatsira ena. Kupunduka kumene timakuopa kumabwera chifukwa cha kuchedwa.

Chinanso chosayenera kudikira ndi chikope chimodzi chokha chimene chili ndi kachotupa kapena kachilonda kosapola, pamalopo tsitsi litatha. Sokera amapola m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chimene chakhala miyezi pamalo amodzi, chikutuluka magazi kapena chikusintha maonekedwe a chikope, chiyenera kuonedwa ngati khansa mpaka atatsimikiza kuti si khansa. Abale athu achialubino ndi achikulire, izi zikukhudzani kwambiri. Matuza owawa a mbali imodzi ya mphumi ofika pa chikope kapena pa nsonga ya mphuno ndi mashingozi, ndipo amafuna chipatala tsiku lomwelo.

Mwana kapena wamkulu amene zikope zikuyabwa koopsa, ndipo m'tsinde mwa tsitsi mwakakamira timadontho tofiirira tosachoka posamba, atha kukhala ndi nsabwe, za mtundu uja wa kumalo obisika. Osapaka mankhwala ophera nsabwe za m'mutu kapena ophera tizilombo m'nyumba pafupi ndi diso. Kuchipatala timazichotsa. Zikapezeka pa mwana timafunsa mafunso ambiri a mmene akugonera ndi amene akugona naye, ndipo makolo musakwiye tikamafunsa.

Kwa agogo athu vuto limakhala lina. Tsitsi silikugwa lokha, akulizula okha chifukwa lapindikira m'kati ndipo likukanda diso. Kawirikawiri zimenezi ndi zipsera za trachoma amene anadwala ali ana. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma ngati vuto la dziko lonse, koma zipsera za amene anadwala kale sizinachoke ndi chilengezocho. Kuzula kumathandiza masiku ochepa, kenako tsitsi limamera lalifupi ndi lolimba, n'kumakandanso. Pali opaleshoni yaing'ono yotembenuza chikope imene imachitika munthu ali maso, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mukapita kumudzi, ayang'aneni agogo m'maso, makamaka amene amangokhalira kutsinzina padzuwa ndi kupukuta misozi ndi chitenje.

Kothowa kunyumba kuli ndi malire ake. Diso lenilenilo likamawawa, mukamalephera kuyang'ana kuwala, mukayamba kuona mwachimbuuzi, pakaoneka kadontho koyera pa gawo lakuda la diso, kapena chikope chikatupa mpaka kutseka diso thupi likutentha, musadikire kuti kuche kawiri. Chimodzimodzi khanda limene maso akutuluka mafinya. Ngati palibe zimenezi koma mwathowa mokhulupirika kwa mwezi wathunthu osasintha, pitaninso. M'zipatala za maboma mumakhala ma clinical officer ophunzira za maso, funsani kuti chipinda cha maso chili kuti. Iwo akaona kuti n'zofunika amatumiza ku zipatala zazikulu monga Lions Sight First ku Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu kapena ku Nkhoma.

Amene mwanditumizira zithunzi, ndaziona, koma pa chithunzi cha foni sindingathe kuona m'tsinde mwa tsitsi, makamaka chikakhala ndi filter. Tsiku lopita kuchipatala musapake kalikonse kumaso, ndipo mutenge timabotolo tonse timene mwakhala mukudontheza, mafuta amene mumadzola kumaso, ndi kabotolo ka guluu ngati muli nako. Musachite manyazi kutulutsa, tinaonapo zambiri.